Agogo anagonjetsa foni ku Edingeni

Sabata yatha simunandione patsamba lino ndipo ndamva kuti ena mwayamba kale kufalitsa zoti akuluakulu a nyuzi ino andipitikitsa kamba ka pakamwa panga. Pepani, ndikadalipo ndipo cholembera changa sichinaume. Ndinali kwawo kwa amayi anga, kufupi ndi Edingeni m'boma la Mzimba, komwe msuweni wanga wina amakwatiwa.

Kwa inu amene mumaganiza kuti Malawi amathera pa Kasungu, Edingeni ndi likulu la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, mfumu yaikulu ya Angoni a ku Mzimba, aja makolo awo anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Ukachokera ku Lilongwe umatsika pa Jenda n'kukhotera kumadzulo kudzera pa Embangweni. Ukapita mwezi wa July ngati mmene ndinachitira ine, tenga majekete awiri. Mphepo ya kumeneko sidziwa kuti uyu ndi mtolankhani.

Za nyama ya ng'ombe imene tinadya, za mpunga umene unatha alendo ena asanalawe, ndi za azakhali ena amene anavina mpaka chitenje kumasuka, ndidzakuuzani tsiku lina. Lero ndikufuna ndikusimbireni mmene nkhalamba ya zaka zoposa 70, yosadziwa n'komwe poyatsira foni, inapulumutsira ukwati wonse ndi khutu lokha basi.

Eni ukwati anaitana kagulu ka anyamata a kwaya kuti kadzaimbe kumadyerero. Mmodzi mwa iwo ndi mphwanga, mwana wa amayi aang'ono. Katundu wawo anali magitala awiri, kiyibodi, sipika imodzi ndi batire ya galimoto. Theka la malipiro anali atalandira kale, ndipo monga mukudziwira achinyamata, analinso atadya kale.

Nthawi yolowetsa akwati pabwalo itakwana, anyamata anayamba nyimbo. Abale inu! Chimene chinatuluka musipika muja sichinali nyimbo ayi. Liwu limangokwera n'kutsika lokha, wowowowo, ngati munthu wa malungo akuyesa kuimba ali m'bulangeti. Ana operekeza akwati, amene anatha mwezi wathunthu akuphunzira masitepe, anaima n'kumangoyang'anana.

Apo n'kuti akatswiri atuluke. Wina anati batire yatha. Wina anati sipika yalowa chinyezi. Amayi ena a duku lofiira ananenetsa kuti gulu lina limene linamanidwa ntchitoyi laponya mankhwala. Bambo a mkwatibwi sanafune zambiri. Anangoti nyimbo ikapanda kumveka bwino, ndalama zawo zibwerere tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Oimba magitala awiri aja anayamba kulozana zala. Aliyense amalumbira kuti yake anaitchuna usiku ndi foni, ndipo foniyo inaonetsa zobiriwira pa nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Nanga foniyo ili kuti kuti tionenso? Eti inazima m'mawa, poti mwini wake amajambulira mavidiyo kutchalitchi. Anthu ena mafoni anali nawo, koma opanda pulogalamu yotchunira ija, ndipo bandulo pa ukwati aliyense amati alibe.

Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Agogo anga obala amayi anadzuka pa mpando wawo wa ndalema n'kuyenda pang'onopang'ono kufika pamene panali anyamata. Zokamba zonse zinali m'Chitumbuka, koma ndikumasulirani.

"Mzukulu, tabwera nayo kuno gitalayo."

"Agogo, izi si za nthawi yanu ya Wenela. Zimafuna foni izi."

"Foni ili ndi makutu? Bwera nayo."

Agogowa anapitadi ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, boma lisanaletse za Wenela mu 1974, ndipo gitala anaphunzirira kukomponi komweko. Anauza wa kiyibodi kuti asindikize batani limodzi osachotsa chala, iwo n'kukhwatcha nsambo yachisanu. Wowowo uja anamveka bwinobwino tsopano, poti kunali mawu awiri okha.

"Mukumva? Zikukangana izi. Tiyeni tizigwirizanitse."

Anayamba kupotoza chikhomo chokungira pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa ngati nkhuku yomvera mphamba. Wowowo uja anayamba kuchedwa. Wooo... wooo... kenaka wooooo wautali, mpaka liwu linangoti njoo, kuima chilili ngati ulusi wowongoka. Atatero anachoka pa nsambo imeneyo kupita pa inzake, kusindikiza pa mpata wachisanu n'kumvera, kupatula pochoka pa nsambo yachitatu kupita pa yachiwiri pamene anasindikiza mpata wachinayi. Anatenga gitala yachiwiri n'kuchita chimodzimodzi. Mphindi zisanu sizinakwane. Nyimbo inayambiranso, nthungululu zinalira, ndipo bambo a mkwatibwi ndi amene anayamba kufupa.

Tsono ine, poti ndinakhalako m'kalasi mpaka Fomu 4, manyazi anandigwira. Chinthu chimene agogo amachitcha kukangana kwa nsambo chili m'mabuku a Physics, momwe amachitchula kuti beats. Ndinachiwerengapo, koma tsiku limenelo ndinali m'gulu la okhulupirira zoti sipika yalowa chinyezi. N'chifukwa chake nditabwerako ndinafukula mabuku, ndipo zimene ndapeza ndi izi.

Mukakhwatcha nsambo, imanjenjemera uku ndi uku. Ikapita kutsogolo imakankha mpweya, ikabwerera imausiya utakasuke, ndipo kukankha ndi kutakasuka kumeneku kumayenda ngati mafunde mpaka kukafika m'khutu mwanu, pa liwiro la mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Nsambo ikamanjenjemera mofulumira, liwu limakhala laling'ono lokwera. Ikamanjenjemera mochedwa, limakhala la besi. Kunjenjemera kwa pa sekondi imodzi amakuwerenga mu Hz, potengera dzina la katswiri wa ku Germany, Heinrich Hertz. Nsambo yachisanu ija, imene oimba amaitcha A, ikatchunidwa bwino imanjenjemera ka 110 pa sekondi. Mukaikunga nambala imakwera, mukaikhwefula imatsika.

Tsopano tiyerekeze kuti gitala ya mphwanga ili pa 110 ndipo ya mnzake ili pa 107. Kuti mumvetse chimene chimachitika, ganizirani amayi awiri akusinja, aliyense mu mtondo wake. Woyamba akugwetsa musi ka 33 pa mphindi, wachiwiri ka 30. Poyamba misi ikugwera pamodzi, du! Pakapita kanthawi wofulumira uja watsogola ndipo misi ikusinthana, wina akamakweza wina akugwetsa. Kenaka wofulumira wamupitirira mnzake ndi kugwetsa kumodzi kwathunthu, ndipo agweranso pamodzi. Popeza amasiyana ndi katatu pa mphindi, adzakumana katatu pa mphindi iliyonse.

Nsambo ziwiri zija zimachita zomwezo, kungoti mofulumira kwambiri. Pamene zonse zikukankha mpweya nthawi imodzi, mphamvu zawo zimaphatikizana ndipo liwu limakula. Pamene ina ikukankha inzake ikubwerera, zimafafanizana ndipo liwu limazilala. Zili ngati galimoto yatitimira m'matope: onse akakankhira kumodzi imasuntha, koma wina akamakankha wina akukoka, imangokhala pomwepo. Ndiye pa 110 ndi 107, kukula ndi kuzilala kumeneku kumachitika katatu pa sekondi. Khutu silimva mawu awiri ayi. Limamva liwu limodzi la pakatikati limene likuchita wo-wo-wo.

Masamu ake ndi a Sitandade 2. Chotsani nambala yaing'ono pa yaikulu, yankho lake ndiye kuchuluka kwa wowowo pa sekondi. Pa 110 ndi 108 ndi kawiri. Pa 110 ndi 109 ndi kamodzi. Zikasiyana ndi theka lokha, wooo mmodzi amatenga masekondi awiri. Zikafanana ndendende, 110 kuchotsa 110 palibe chotsala, ndipo mkangano watha. Zimene amachita agogo n'zimenezo, kuchotsera ndi khutu mpaka yankho likhale ziro.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti ndi yakuthwa kuposa khutu lenilenilo. Mutaimba 110 payokha kenaka 109 payokha, ambiri a ife tinganene kuti ndi liwu limodzimodzi. Koma ziimbeni pamodzi, ngakhale mwana wa mkaka amva kuti pali chikugunda. Chofunika ndi kudikira basi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Anyamata ambiri amakhwatcha n'kupotoza nthawi yomweyo osalola nsambo kuti ilankhule.

Pali msampha umodzi. Wowowo amakuuzani kuti mwataya ndi zingati, koma sakuuzani kuti mwatayira mbali iti. Nsambo ya 107 ndi ya 113 zonse zimagunda katatu mukaziimba ndi 110. Ndinawafunsa agogo kuti amadziwa bwanji kokhotera. Anati, "Umakunga pang'ono n'kumvera. Zikayamba kukangana kwambiri ndiye kuti walowerera kolakwika, bwerera." Ngakhale buku langa silinafotokoze mwachidule chotero.

Nanga magitala aja anataya bwanji pamene anatchunidwa usiku? Titafufuza tinapeza kuti ina inagona m'nyumba yozizira mpaka nthawi yoimba, pamene inzake inakhala padzuwa pamwamba pa lole kuyambira m'mawa, komanso inali ndi nsambo zatsopano. Chitsulo chikatentha chimatalika, nsambo n'kukhwefuka, liwu n'kutsika. Nsambo yatsopano nayo imapitiriza kutamuka kwa masiku angapo. Mankhwala a amayi a duku lofiira anali amenewo.

Oimba ng'oma za vimbuza, gule uja bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, amazidziwa bwino za nyengozi. Chikopa chikagwidwa ndi chinyezi chimalefuka, n'chifukwa chake amachiwamba pamoto kuti liwu likwere, ndipo akafuna kuti litsike amamata phula pakati kuti chikopacho chilemere. Palibe amene amafunsa foni pamenepo.

Musaganize kuti wowowo ndi wa magitala okha. Mukadzakhala pamsika pamene pali zigayo ziwiri zoyandikana, zonse zikulira, dzatcherani khutu. Mudzamva phokoso likukula n'kuchepa, wuu, wuu, chifukwa mainjini awiriwo akuzungulira pa liwiro losiyana pang'ono. Ndege ya mapiko a mphepo awiri imachitanso chimodzimodzi ngati woyendetsa sanawafananitse.

Koma nsambo zikatalikirana kwambiri, nkhani imasintha. Kusiyana kukapitirira 15 kapena 20 pa sekondi, khutu limalephera kuwerenga ndipo limangomva kukhakhala, ngati njinga yamoto pa msewu wa mabampu. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, analemba buku lonse pa nkhani ya mawu mu 1863, ndipo anapeza kuti kukhakhalaku kumapweteka kwambiri kukafika cha m'ma 30 pa sekondi. Zikatalikirana kuposa apo, khutu limayamba kumva mawu awiri osiyana, aliyense payekha. Ndiye kuti zimene zimachita wowowo ndi nsambo zoyandikana, zotsala pang'ono kufanana. Za zipani zimene zinabadwa m'mimba imodzi sindinanene ine, mwaganiza nokha.

Anthu anayamba kale kupindula ndi kuwerenga kumeneku. Mu 1834 mkulu wina wa ku Krefeld, Johann Heinrich Scheibler, amene ntchito yake inali yopanga nsalu za silika, anasula tizitsulo ta mphanda 56, tija timalira ukatimenya. Koyamba kamalira pa 220, komaliza pa 440, ndipo kalikonse kamasiyana ndi kotsatira ndi 4. Choncho tiwiri toyandikana tikalira pamodzi timagunda kanayi pa sekondi. Akafuna kudziwa nambala ya liwu lililonse, amafufuza kachitsulo koyandikana nalo, n'kuwerenga kugunda akuyang'ana nthawi. Chaka chomwecho anapempha akatswiri anzake ku Stuttgart kuti liwu la A likhale pa 440. Mayiko anadzavomereza zimenezi pa msonkhano wa ku London mu 1939, ndipo mu 1955 bungwe loona za miyezo padziko lonse linaikhazikitsa. Kiyibodi ya anyamata aja ndi foni yawo zonse zimamvera 440 ameneyu. Mukamugawa pakati mupeza 220, mukagawanso mupeza 110 wa nsambo yachisanu uja.

Tizitsulo totere tinafikanso kwathu kuno. Hugh Tracey, amene anayendayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo za Atumbuka, Atonga, Achewa ndi mitundu ina, amayenda ndi bokosi la tizitsulo 54, kuyambira pa 212 mpaka 424, tosiyananso ndi 4. Amayeza nato bangwe, kalimba ndi zoimbira zina, n'kulemba manambala ake. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Manambala akewo anaonetsa poyera kuti zoimbira zambiri za mu Africa muno zili ndi makwerero akeake, osiyana ndi a piyano, ndipo eni ake amawasunga mosamala. Ulimba wa Asena ku Nsanje, mwachitsanzo, umagawa mtunda wochoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba m'masitepe asanu ndi awiri pafupifupi ofanana, pamene do re mi wa kutchalitchi ali ndi masitepe ena aakulu ena aang'ono.

Apa ndi pamene nkhani inandikhudza. Mawa lake la ukwati, foni itadzaza moto, mphwanga anafuna kubweza chipongwe. Anatenga bangwe wakale wa agogo amene amakhala pakhoma, n'kuyamba kuyeza nsambo imodziimodzi. Foni inaonetsa zofiira pafupifupi paliponse. Mnyamata anaseka n'kunena kuti awakonzere.

"Usakhudze," anatero agogo. "Bangwe ameneyo anatchuna chomwecho ndi adada anga. Foni yakoyo inabadwira kuti kuti idziwe nyimbo za kuno?"

Ndipo ananena zoona. Mapulogalamu ambiri a m'mafoni amangodziwa mabatani 12 a piyano. Chilichonse chogwera pakati pa mabatani amenewa amachiyesa cholakwa. Achinyamata tikazolowera kumvera kanyali kobiriwira m'malo momvera nsambo, tidzayamba kuwongola zoimbira za makolo zimene sizinapindike, ndipo pofika zaka 20 zikubwerazi bangwe aliyense adzalira ngati kiyibodi ya pa maliro. Palibe amene adzatilande. Tidzataya tokha, kwinaku tikuganiza kuti tikukonza.

Chondiseketsa n'chakuti kiyibodi imene tikuitenga ngati mfumu ya choonadiyo nayonso ili ndi mkangano wake wobisika, woikidwamo dala. Anzanga a kwaya, tcherani khutu apa. Nsambo sinjenjemera yathunthu pokha. Imanjenjemeranso m'magawo awiri, atatu, anayi, asanu, zonse nthawi imodzi. Choncho nsambo ya 220 imatulutsanso timawu tating'ono pa 440, 660, 880 ndi 1100. Timawu timeneti n'timene timachititsa kuti mawu ena akomerane.

Titenge do akhale 220. So woyera weniweni ndi 330, chifukwa 330 kawiri ndi 660, ndipo 220 katatu ndi 660 yemweyo. Timawu tawo takumana, palibe kugunda. Mi woyera ndi 275, chifukwa 275 kanayi ndi 1100, mofanana ndi 220 kasanu. Oimba a kwaya odziwa, akamaimba popanda choimbira, khutu limawakokera lokha pamenepa, ndipo ndi nthawi ija mumamva tsitsi likuima m'tchalitchi.

Koma pa kiyibodi so ameneyu ali pa 329.6, ndipo mi ali pa 277.2. Werengani nokha. 277.2 kanayi ndi pafupifupi 1109, pamene do akupereka 1100. Ndiye kuti do ndi mi wa kiyibodi amagunda pafupifupi ka 9 pa sekondi, tsiku lililonse, m'tchalitchi chilichonse. Tinangozolowera ngati mmene tinazolowerera mitengo ya zinthu.

Anachitiranji zimenezi? Chifukwa masamu amakana. Mukayamba pa do n'kukwera ku so woyera, kuchoka pamenepo n'kukweranso chimodzimodzi, mpaka ka 12, mumayenera kubwerera pa do. Koma simufika ndendende. Mumapeza kuti nambala yanu yachulukitsidwa ka 129.7, pamene do wa pamenepo amafuna ka 128. Pali kangongole kotsala. Opanga zoimbira ku Ulaya anavutika nako zaka mazanamazana, mpaka anagwirizana zogawira kangongoleko mabatani onse 12 mofanana, aliyense alipireko pang'ono, kuti woimba athe kuyambira nyimbo pa batani lililonse. N'chifukwa chake munthu wotchuna piyano safuna kuthetsa kugunda konse. Amawerenga kuti apa pagunde kasanu ndi kawiri pa sekondi, apa pagunde kamodzi, ndipo akalakwitsa kuwerenga piyano yonse imamveka yodwala.

Kwinanso wowowo amachita kumufuna. Pa chilumba cha Bali ku Indonesia, zoimbira zachitsulo za gamelan amazipanga ziwiriziwiri, china chokwera pang'ono kuposa chinzake, kuti zikalira pamodzi liwu lizinyezimira. Kunyezimira kumeneku amakutcha ombak, kutanthauza funde, ndipo kwa iwo choimbira chopanda funde ndi chakufa. Akodiyoni nayo, liwu lake lonjenjemera lija limachokera ku timalilime tiwiri tosiyanitsidwa dala. Ndiye kugunda pakokha si tchimo. Nkhani ndi yakuti woimba azidziwa kuti kulipo, ndipo akhale iye wolamula kuti kukhale kapena kuchoke. Anyamata athu aja sanalamule kanthu, anangogwidwa nako.

Dera limeneli si la anthu ofunika kuphunzitsidwa kumva. Pa Embangweni pomwepo, pamene Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon mu 1902, pamachitika mipikisano yopeka nyimbo za Mulungu, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zimene zikuimbidwabe mpaka lero, zina potengera maimbidwe a Chingoni. Kunalibe kiyibodi, kunalibe batire. Ingoma imene imagwedeza nthaka pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora ndi mawu a anthu ndi mapazi basi, koma amuna makumimakumi amalowa m'liwu limodzi popanda wowapatsa batani. Kodi zidzukulu za anthu amenewa n'zimene lero zikulephera kuyamba nyimbo chifukwa foni yazima?

Dandaulo langa lina likupita kusukulu. Kumene ndinaphunzira ine, dzina ndisatchule, mutu wa mafunde tinauphunzira pabolodi. Aphunzitsi anajambula mizere yokhotakhota ngati njoka, ife n'kukopera, n'kuloweza, n'kukalemba mayeso, n'kuiwala. Ati zipangizo palibe. Chonsecho gitala ya kwaya imakhala m'kabati kuseri kwa msewu. Sindikuwada aphunzitsi, ndikudziwa mmene amavutikira. Koma phunziro ili silifuna thandizo la mayiko akunja.

Tengani mabotolo awiri ofanana a zakumwa, opanda kanthu. Ana awiri awuzire pakamwa pa mabotolowo nthawi imodzi mpaka alire. Kenaka thirani timadzi pang'ono mu botolo limodzi kuti liwu lake likwere, awuzirenso. Kalasi yonse imva wowowo. Onjezani madzi, kugunda kufulumira. Thiraninso mu linzakelo mpaka madzi afanane, kugunda kutha. Mwana amene wamva zimenezi ndi khutu lake sadzaiwala kuchotsera kuja mpaka imvi. Ngakhale ana a pa sukulu ya osamva ya ku Embangweni sangatsalire, chifukwa ukaika chikhatho pa bokosi la gitala nsambo ziwiri zikukangana, dzanja limamva kugunda kuja bwinobwino.

Sindikuti titaye mafoni m'chimbudzi. Pa phokoso la msonkhano, kapena kwa mwana amene akungoyamba kumene, pulogalamu ija imathandiza. Ineyo nkhani ino ndailembera pafoni. Koma foni imayeza nsambo imodzi payokha, pamene nyimbo ndi nsambo zambiri pamodzi. Gitala ikataya pakati pa nyimbo dzuwa litakwera, amene angadziwe msanga ndi woimba wa khutu, osati chinthu chimene chili m'thumba.

Tsiku lonyamuka ndinakhala ndi agogo pakhonde tikuwotha dzuwa. Anandiuza chinthu chimene sanafune kunena pagulu, kuti khutu lawo lakumanzere linayamba kugontha ndipo nsambo yoyamba, yaing'ono ija, saimvanso bwino. Umu ndi mmene ukalamba umachitira, umayamba kuba mawu okwera. Pa ukwati paja, ati, nsambo imeneyo anaitchuna atagunditsa chibwano pa gitala kuti amve ndi mafupa. M'mudzi monse, mwa anthu amene anabwera nawo ku Joni akuimba, atsala okha.

Ndinamuitana mphwanga n'kumuuza zimenezi pamaso pawo. Sanaseke ulendo uno. Agwirizana kuti Loweruka lililonse masana iye ndi anzake azipita ndi magitala kwa agogo, foni azisiya kunyumba, ndipo akamaliza magitala azitsitsa bangwe pakhoma. Malipiro a mphunzitsi ndi paketi ya shuga pa mwezi ndi masamba a tiyi. Shuga wa mwezi woyamba ndalipira ine, ndiye akuluakulu a nyuzi ino akamachedwa ndi kandalama kanga adziwe kuti akuchedwetsa maphunziro.

Inu amene muli ndi gitala panyumba, yesani madzulo ano. Sindikizani nsambo yachisanu ndi chimodzi pa mpata wachisanu, muikhwatche pamodzi ndi yachisanu, kenaka khwefulani imodzi pang'ono n'kumvera. Ndipo ngati kwanuko kuli nkhalamba yodziwa bangwe, kalimba, kaligo kapena ulimba, ndilembereni kudzera kwa mkonzi, mundiuze mmene imatchunira ndi mawu amene imagwiritsa ntchito pofotokoza. Agogo anga amati nsambo zikukangana. Ndikufuna ndimve kuti ku Nsanje, ku Mangochi ndi ku Chitipa amati chiyani.

Tionane sabata yamawa, ngati sipika siilowa chinyezi.